Bulangete la Pazenera

Ndinatsimikiza zochoka kwathu tsiku limene ndinaona bambo anga akutola bulangete m'fumbi, kenako n'kuomba m'manja kuthokoza. Tinali titayenda wapansi kuchokera ku Tsangano mpaka ku boma ku Ntcheu titasenza kachewere, ndipo titagulitsa, iwo anati chaka chimenecho akufuna chofunda chenicheni, chifukwa chisanu cha kwathu sichiopa imvi. Sitolo ya mabulangete okhuthala inalipo imodzi yokha, ya kampani ina ya Azungu. Khomo lake linali la Azungu okhaokha. Ife tinkagulira kumbali, pazenera, titaima pamzere padzuwa. Pazenerapo munthu sunkasankha kapena kukhudza katundu. Unkangopereka ndalama n'kulandira chimene akupatsa.

Wogulitsa anali Mzungu wachinyamata, wa msinkhu wanga. Analandira ndalama za bambo, n'kukankha bulangetelo ndi ndodo yoyezera nsalu, maso ali kwina. Linadutsa pazenera n'kugwa pansi. Bambo anga, a Ngozo, munthu amene akaimirira pabwalo ndi chishango achinyamata ankapatuka, anawerama n'kulitola. Analisasa fumbi, analipinda bwinobwino, n'kuomba m'manja.

"Zikomo, bwana," anatero.

Ine ndinali kumbuyo kwawo, chibonga changa chili m'manja. Manyazi anandigwira mpaka m'mano. Njira yonse yobwerera sindinawalankhule, ndipo iwonso sanandifunse chimene chandivuta. Ndinena mosabisa, ndinawanyoza mumtima. Ndinkati Ungoni wawo unali wa pagule basi.

Pasanathe mwezi kunabwera olemba usilikali, akuti nkhondo ya Azungu yakula ndipo ikufuna anthu. Anzanga ena analembetsa chifukwa cha msonkho, ena chifukwa cha nsapato. Ine ndinalembetsa chifukwa cha khomo la sitolo. Ndinauza mkazi wanga Naphiri, amene ndinali nditakhala naye chaka chimodzi chokha, kuti ndikadzabwera ndidzalowera pakhomo penipeni, ndidzasankha bulangete ndi dzanja langa, ndipo ndidzawafunditsa bambo kuti aone mmene mwamuna amagulira. Naphiri anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati sanamvepo munthu akupita kukafa chifukwa cha chitseko, koma poti ndine wouma mutu, ndipite. Bambo sananene zambiri. Anangoti ndiyende bwino, ndipo ndisamayende wopanda chisoti padzuwa.

Lero anthu kuno amanditchula a Sada. Ana ena amayesa ndi dzina la makolo, ndipo ine sindiwakonza. Ndimalima kachewere pamunda womwe ankalima bambo, ndili ndi ng'ombe zochepa ndi mwendo umodzi umene umadziwa za mvula mvulayo isanafike. Dzina limeneli ndinalitenga kutali kwambiri, ndipo ndi mawu amodzi okha amene ndimawadziwa a chilankhulo cha anthu a ku Koreya.

Anatiphunzitsa kuguba ku Zomba, n'kutipititsa ku Mombasa, kumene tinakwera sitima ya pamadzi. Ine amene ndinkadzitama kuti ndine Mngoni ndinasanza mlungu wathunthu. Titatsika, anatitengera m'nkhalango za ku Bama kukamenyana ndi Ajapani. Za nkhondoyo sindikonda kufotokoza. Mvula ya kumeneko siikata, misundu imalowa m'nsapato, ndipo mpunga wa tsiku ndi tsiku umafika pokukola. Chimene ndinganene n'chakuti ndinaona Mzungu akulira kuitana amayi ake, ndinamwetsa wina madzi a m'botolo langa, ndipo sanafunse ngati pakamwa panga panali poyera. Ndinkati ndikaona zimenezi, zenera lija linkandibwerera m'mutu.

Gawo lina la malipiro anga linkapita kwathu, Naphiri n'kumakalandira ku boma. Makalata ake ankamulembera aphunzitsi a ku mishoni, choncho ankabwera aulemu kwambiri, ngati ndikulankhula ndi abusa. Ankandiuza kuti mbuzi yaswa, denga lafoleredwa, wagula mchere ndi nsalu. Sindinamufunsepo kuti nsaluyo wagulira pati, ngakhale ndinkadziwa. Kumapeto kwa kalata iliyonse kunkakhala mawu akuti bambo akupereka moni. Ine poyankha ndinkalonjera aliyense ndi dzina, mpaka galu, koma bambo ndinkangowaphatikiza pa mawu akuti "ndi onse a pakhomo". Ndinachita zimenezi zaka zitatu.

Kusungulumwa kunalipo, ndipo sindichita manyazi kunena. Tinali ambiri, koma munthu umatha kukhala wekhawekha pakati pa anthu zana. Ndinkalakalaka nkhungu ya m'mawa ya ku Tsangano, fungo la khola mvula itagwa, ndi mawu a Naphiri akukalipira nkhuku. Tsiku lina ndinapeza kachewere mmodzi wofota m'thumba la kukhitchini ya maofesala. Ndinamuba, osati kuti ndidye. Ndinayenda naye m'thumba la malaya mpaka anamera maso.

Ajapani atagonja, gulu lathu analiika kulondera akaidi amene ankakonza msewu. Ndinaona kuti pa nthawi ya chakudya ena mwa iwo ankakhala paokha, kutali ndi anzawo. Kalaliki wathu, munthu wa ku Dedza amene anatolako Chijapani pang'ono, anandiuza kuti amenewo si Ajapani. Anati ndi a ku Koreya. Dziko lawo linalandidwa ndi Ajapani, anawapatsa maina achilendo, anawaletsa chilankhulo chawo kusukulu, n'kuwabweretsa kunkhondo kuti azisenza katundu. Ndinaseka, n'kunena kuti ndiye amenewa ndi Anyasa a kumeneko.

Asilikali tinali ndi kasewero koipa. Tinkaponya ndudu kuseri kwa waya kuti tione akaidi akulimbirana. Tsiku lina masana ine ndinaponyanso yanga, ndipo inagwera pafupi ndi bambo wina woonda wa ku Koreya, wamkulu kuposa ine, amene ankasema mipini ya mafosholo. Anaiyang'ana nduduyo. Anaitola, anaiuzira fumbi, n'kubwera nayo pawaya. Anaigwira ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kundibwezera.

Anzanga anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinazindikira dzanja limene linaponya ndudu ija. Linali dzanja lomwe lija la pazenera, kungoti tsopano linali lakuda ndipo linali langa.

M'mawa mwake bambo uja anabweranso pawaya atatenga supuni yosema ndi nsungwi, yosalala bwino. Analoza supuniyo, analoza thumba langa la ndudu, n'kunena mawu amodzi.

"Sada."

Sindinamve. Ndinaitana kalaliki uja, ndipo atafunsana naye m'Chijapani chake chothyokathyoka, anandiuza kuti munthuyu dzina lake ndi Paki, ndipo akuti sakupempha, akugula. Mawu akewo ndi a kwawo, otanthauza kugula. Anati m'Chijapani akuwadziwa, koma watopa nacho ndipo sachilankhulanso pokhapokha atamukakamiza. Ndinatulutsa ndudu ziwiri. Paki sanatambasule dzanja mpaka ine nditazigwira ndi manja awiri. Nditatero analandira ndi manja awiri, n'kundipatsa supuni ndi manja awirinso, ndendende mmene amayi anandiphunzitsira ndili mwana. Ndinadabwa kupeza mwambo wa pakhomo pathu kutsidya kwa nyanja zonsezo.

Anandibwerezetsa mawuwo mpaka anakhutira, ngakhale ndikukhulupirira kuti mpaka lero ndimawatchula mokhota. Inenso ndinamuphunzitsa athu, ndipo lilime lake linkapunthwa pa "kugula" mpaka tonse tinkaseka. Kuyambira tsikulo panali msika pawaya paja. Ndinagula chipeso cha Naphiri ndi kabokosi kosungiramo fodya wa m'mphuno. Iye ankagula ndudu, sopo, nthawi zina mchere. Tsiku lina ndinafuna kumupatsa sopo waulere chifukwa analibe chosema. Anapukusa mutu n'kubwerera. Anakhala masiku awiri osasamba ndi sopo mpaka atamaliza kusema kanthu kena. Munthu ameneyu analibe dziko, analibe dzina lake lenileni m'mabuku, anali kuseri kwa waya, koma palibe amene akanamuponyera kanthu. Ndinkamuyerekeza ndi bambo anga, ndipo bambo ankaluza nthawi zonse.

M'mawa wina ndinapeza akaidi a ku Koreya atawakweza m'malole. Sitinatsanzikane. Sindikudziwa ngati anafika kwawo, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka pano.

Kalata yomaliza ya Naphiri inandipeza tikudikira sitima. Inati chifuwa cha bambo chavuta, ndipo nyengo yozizira yayandikira. Choncho lole itatitsitsa pa boma ku Ntcheu, sindinayambe ndapita kumudzi. Ndinakonza chisoti, ndinakoleka jasi langa la usilikali paphewa, n'kulunjika ku sitolo ija. Zonse zinali momwe ndinazisiyira. Mzere unali pazenera, amayi ndi ana kumsana, madoda atagwira zipewa m'manja. Chatsopano chinali chimodzi. Pakhomo panaima mlonda wovala kaki, ndipo mlondayo anali mlamu wanga Sitefano, mchimwene wake wa Naphiri.

Anandikumbatira, anandifunsa za ulendo, koma ataona kumene mapazi anga aloza, nkhope yake inasintha.

"Alamu, chonde. Ndili ndi ana anayi. Ndipatseni ndalamazo ndikugulireni ine, ndikusankhirani labwino."

"Alamu, sindinabwere kudzaba. Patukani."

Sanapatuke, koma sanandigwirenso, ndipo ndinamulambalala. M'katimo munali mozizira bwino, mukununkhira sopo ndi nsalu zatsopano. Mabulangete anali pashelefu kumanzere. Ndinapita pomwepo, ndinawakhudza limodzilimodzi, n'kusankha lofiira lokhala ndi mizere yakuda. Ndinaliika pakauntala, n'kuikapo ndalama ndi manja awiri. Wogulitsa anali Mzungu wina, osati uja, koma kayang'anidwe kanali komweko. Ndinamuuza m'Chinyanja kuti ndabwera kudzagula. Anayang'ana kudenga. Ndinamuuza m'Chingerezi cha kuusilikali. Anaitana Sitefano n'kumufunsa kuti kodi boyi uyu walowa bwanji. Pamenepo mutu unanditentha. Ndinati poti zilankhulo ziwirizi sakuzimva, ndimupatse chachitatu. Ndinamenya pakauntala ndi chikhatho n'kunena mokweza, katatu konse, "Sada!"

Sizinathandize, ndipo sindinama kuti zinathandiza. Mzunguyo anabweza bulangete pashelefu, anakankhira ndalama zanga pansi, n'kunena kuti aitane apolisi. Amene ananditulutsa anali Sitefano, atandigwira pakhosi pa malaya, akundinong'oneza kuti pepani alamu, pepani alamu, uku akundikankha mwamphamvu kuti bwana wake aone. Ndalama anatola yekha n'kundiikira m'thumba. Panja anthu a pamzere anali atamva zonse. Ndinkayembekeza kuti wina anena kuti wachita bwino. Ena anaseka, ena anayang'ana pansi, ndipo mayi wina anauza mnzake kuti asilikaliwa abwerako ndi misala. Mnyozo wa Mzungu sunandilase ngati mawu a mayi ameneyo. Dzina la Sada linabadwira pamzere pomwepo, ndipo linafika ku Tsangano ine ndisanafike.

Sitefano ananditsatira mpaka pamsewu, akuti mzere si wautali, ndingoimapo kamphindi chifukwa cha odwala. Ndinayang'ana zeneralo. Ndinadziwa kuti bambo akuzizidwa, ndipo bulangete linali pafupi kwambiri moti ndikanatha kulitenga madzi asanawire pamoto. Ndinakana. Ku Tsangano ndinalowa m'kasitolo ka a Saidi, Msilamu amene makolo ake anayamba malonda pamenepo kalekale. Iwo anandipatsa mpando, koma anati chiyambire nkhondo mabulangete okhuthala sawaona. Ndinafika pakhomo pathu ndili ndi chipeso, kabokosi ka fodya ndi manja opanda chimene ndinapitira.

Naphiri anandilandira ndi misozi ndi nthungululu, anandiphikira nkhuku, anandisiya ndidye. Nditasamba m'manja m'pamene anayamba. Anati nkhani yanga waimva, ndipo mchimwene wake watsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Anati zaka zonsezi iye wakhala akuima pazenera limenelo ndi ndalama zanga zomwe, mvula ndi dzuwa, ndipo sanafe. Ine ndalephera kuimapo tsiku limodzi chifukwa cha munthu wodwala. Anandifunsa ngati bambo afunda kunyada kwanga.

Ndinachita zimene amuna timachita, ndinakalipa. Ndinafunsa kuti nanga bulangete lija anatola m'fumbi lili kuti, bwanji osafunda lomwelo poti analithokoza kwambiri. Naphiri anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira tsiku lolembetsa lija.

"Kodi simukudziwa? Pitani m'chisakasa cha mbewu mukaone."

Kwathu kuno kachewere wa mbewu timamusunga pamthunzi n'kumufunditsa udzu kuti chisanu chisamuwononge. Nditalowa m'chisakasamo ndinapeza kuti wa bambo sanafunditsidwe udzu. Pamwamba pake panali bulangete lija, lotuwa ndi dothi, mbewa zitalidya m'mphepete. Naphiri anati lakhala pamenepo chiyambire tsiku limene tinabwera nalo. Bambo sanalifundepo ngakhale kamodzi. Iye anawachonderera chifuwa chitayamba, aphunzitsi anawachonderera, koma iwo ankangogona ndi chikopa chawo chakale cha ng'ombe. Ine ndinakhala mwezi wathunthu pakhomopo ndisanapite ku usilikali, ndipo sindinaone, chifukwa ndinali nditasiya kuwayang'ana.

Ndinawapeza atatsamira khoma kumene kunali kadzuwa, chikopa chili m'mapewa. Anali atachepa kwambiri. Ndinakhala pansi, tinalonjerana, ndipo ndinawapatsa kabokosi ka fodya. Anakatembenuza, anati wosema ameneyu amadziwa ntchito. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenda nalo zaka zonsezo. Ndinati ngati bulangetelo sankalifuna, n'chifukwa chiyani analitola n'kuomba m'manja.

Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe.

"Kulitola ndinalitola chifukwa anali kachewere wanga, thukuta langa. Ndikanamusiyira yani? Kuomba m'manja ndinaombera iwe. Unali kumbuyo kwanga ndi chibonga, ndipo ndinkamva mmene unkapumira. Ndikanangoti kanthu kamodzi, ukanamuphwanya mutu mwana uja, ndipo iwe akanakupachika. Ndiye ndinati zikomo, tinabwera kunyumba tonse awiri."

Kenako anawonjezera kuti pakamwa pakhoza kunena zikomo kwa aliyense, koma thupi ndi lawo, ndipo chinthu choponyedwa sichingagone pathupi pa Ngozo.

Ndinalira, ine msilikali wa ku Bama, pamaso pa nkhuku ndi mkazi wanga. Ndinawoloka nyanja kukaphunzira kwa mlendo chimene chinali m'chisakasa kuseri kwa nyumba yathu. Ndinawauza za Paki, za ndudu imene ndinaponya, za supuni, ndi za zimene ndinachita ku boma. Pa nkhani ya ndudu anandiyang'ana mwaukali. Pa nkhani ya ku boma anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kundiuza kuti ndibwereze mawu a mnzangayo. Anawayesa kawiri. Anati munthu ameneyo akanafika kuno akanamuphera mbuzi. Anandilamulanso kuti ndikapepese kwa Sitefano ndi tambala, chifukwa ndewu yanga ndinakaimenyera pamsana pa ana ake, ndipo ndinapita.

Tsiku lomwe tinachezalo, madzulo asanafike, ndinatenga jasi langa la usilikali, lolemera, lofika m'maondo. Limeneli palibe amene anandiponyera, ndinaligwirira ntchito m'matope zaka zitatu. Ndinagwada, n'kulipereka ndi manja awiri. Iwo analandira ndi manja awiri.

"Zikomo, Ngozo," anatero.

Analivala nyengo yozizira yonseyo, ndipo mvula yoyamba isanagwe tinawaika m'manda atalivala.

Papita zaka tsopano. Zenera lija likadalipo, mzere ukadalipo, ndipo Naphiri amaimapo akafuna nsalu. Sindimuletsa ndipo sindimunyoza, chifukwa ndinaphunzira kuti sungadziwe chimene munthu woima pamzere wasunga kuseri kwa nyumba yake. Koma ine sindinagulepo kanthu pamenepo ngakhale singano. Nthawi iliyonse ndikapita ku boma ndimayesa khomo, amanditulutsa, ndipo anthu amati a Sada abwera. Tsiku lina adzatopa iwo, chifukwa ine sinditopa. Bulangete lija likadali m'chisakasa, ndipo chaka chilichonse ndimafunditsira mbewu yanga. Kachewere amamera bwino.